Katambula ka ulusi woyera m'mwendo: ndi ka liti, nanga kangagulidwe zingati?

Nabanda (Leeds): Odi kuno a pagulu. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za ziwiya zakale za kuno ku Mangalande. Lamulungu ndinagula katoni ya matambula pa car boot (msika umene anthu amagulitsira katundu wawo wakale kuchokera m'magalimoto), mwini wake amachotsa katundu wa malemu mayi ake. Muli matambula a wayini 6 ogobagoba, olemera, owala kwambiri, ndipo ukayang'anitsitsa pansi pake pali dzina loti Waterford. Munalinso kena kamodzi kosiyana ndi anzake. Kamutu kake n'kakang'ono, wayini wolowamo ndi wongomeza kawiri kapena katatu, mwendo ndi wautali, ndipo mkati mwa mwendomo muli ulusi woyera wopotana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pansi pa phazi pali pokhakhala, pokanda chala. Mnzanga wa kuntchito akuti a Waterford aja ndiwo ndalama, kakang'onoko nditaye poti n'kosweka pansi. Zithunzi ndi izo. Kodi ndi a liti matambula amenewa?

Bambo a Yamikani (Joni): Achemwali mwatola mwayi. Waterford ndi ya ku Ireland, ndipo ndinawerengapo kuti fakitale yake inayamba mu 1783. Ngati ali a nthawi imeneyo ndiye kuti apitirira zaka 200. Kuno m'mashopu a zinthu zakale dzina limeneli amaliika m'kabati yokhoma.

A Chisale (Dudley): Nabanda, kakang'onoko musataye, ndipo musakaikenso mu sinki pamodzi ndi mbale. Kakulungeni m'thaulo kakhale pakokha. Ine ndimagwira ntchito yonyamula ndi kukonza katundu panyumba ina ya okushoni kufupi ndi Stourbridge, dera limene lakhala likuumba magalasi kuyambira m'ma 1600, ndiye matambula ambiri adutsa m'manja mwangamu.

Ndiyambe ndi za Waterford poti ndi zachidule. Mwanena zoona bambo a Yamikani, fakitale yoyamba anaitsegula George ndi William Penrose mu 1783, koma inatsekedwa mu 1851. Dzinali linadzadzukanso mu 1947 pamene Charles Bacik, wochokera ku Czechoslovakia, anayambitsa fakitale ina mumzinda womwewo. Dzina lolembedwa motuwa pansi pa phazi, monga likuonekera pachithunzicho, ndi la fakitale yachiwiriyi. Kagobedwe kakenso ndakazindikira: timadayamondi m'munsi, mizere yoimirira pamwamba pake. Mtundu umenewo ndi Lismore, unayamba mu 1952 ndipo mpaka lero akupangabe. Ndi matambula abwino, ogula amapezeka makamaka akakhala okwana 6 opanda chilema, koma anapangidwa ochuluka zedi, mabanja ambiri kuno analandira pa ukwati. Amalonda a zakale kawirikawiri chinthu amachitcha antique chikakwanitsa zaka 100, ndipo awa sanafikeko.

Tsopano kakang'onoko. Mundichitire izi mayi: kagwireni pafupi ndi windo mujambule pansi pa phazi. Muyeze kutalika kwake. Muyerekeze kukula kwa phazi ndi kukula kwa kukamwa. Kenako mukagwire kuphazi ndi kugogoda pang'ono m'mphepete mwa kukamwa ndi chikhadabo, mumve mmene kakulirira.

Nabanda (Leeds): Zikomo malume. Kutalika ndi masentimita pafupifupi 15. Phazi ndi lalikulu kuposa kukamwa, ndipo si lathyathyathya, lakwera chapakati moti kakaima patebulo kamangogunda ndi m'mphepete mokha. Ndagogoda, kakulira nthawi yaitali, mawu ake osalala. Ndikakaika pambali pa a Waterford kakuoneka kotuwirako, ndipo mugalasi muli timizere topingasa ndi kadontho kamodzi kakuda.

A Chisale (Dudley): Zonse mwanenazi ndi zabwino. Pokhakhala paja sipanasweke. Tambula yotere amaiumba m'zigawo zitatu, mutu, mwendo ndi phazi, n'kuzilumikiza zidakali zamoto. Kuti mmisiri amalize kukamwa, mnzake amamata ndodo yachitsulo pansi pa phazi ndi kadontho ka galasi losungunuka, tambulayo n'kuidula kuchoka ku paipi youzira, ndipo amaigwirira pa ndodoyo podula kukamwa ndi sizasi ndi kusalaza pa ng'anjo. Akamaliza amagogoda ndodo ija n'kuthothoka, pamene inali pamatsala chipsera. Ndi mchombo wa tambula umenewo, amautcha pontil mark. Phazi analikweza chapakati dala, kuti chipseracho chisakande tebulo la bwana. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anayamba kumachipala, n'kutsala kadzenje kosalala kozungulira, ndipo m'ma 1800 mochedwerapo kunabwera chipangizo chopanira phazi chimene sichisiya chipsera chotere.

Ndicho chifukwa ife tikalandira tambula timayamba taitembenuza. Munthu wosadziwa amayang'ana kuwala kwa mutu, koma zaka zimaonekera kuphazi. Phazi la m'ma 1700 limakhala lalikulu kuposa kukamwa pafupifupi nthawi zonse. Ukapeza laling'ono, kapena tambulayo ndi ya zaka zapambuyo pake, kapena linabenthuka wina n'kulipala mozungulira kuti abise chilema.

Kulira kuja ndi kutuwa kuja ndi mtovu. George Ravenscroft analandira chilolezo cha mfumu mu 1674 chopangira galasi la mtundu watsopano ku London. Oyambawo ankachita timing'alu tating'onoting'ono n'kuchita chifunga, kufikira atawonjezera mtovu wokwanira. Kuyambira pamenepo galasi la ku Mangalande linakhala lolemera ndi lolira kuposa la ku Venice. Timizere ndi kadontho kakuda musadandaule nazo, ndi zizindikiro za manja ndi za ng'anjo ya malasha.

Mphatso (Manchester): Malume, chipsera chokhacho chingatiuze chaka? Ndimaona ku ma craft market anthu akuumba magalasi pamanja lero lomwe, ndipo chipsera chimakhalapo.

A Chisale (Dudley): Wafunsa bwino Mphatso. Chipsera chimangonena kuti tambula inaumbidwa pamanja. Pachokha sichitchula chaka. Chaka timachipeza zizindikiro zingapo zikagwirizana, ndipo chachikulu ndi mwendo, chifukwa kapangidwe ka mwendo kankasintha ndi fashoni.

Kuyambira cha m'ma 1685 mpaka cha m'ma 1725 kunali matambula olemera a miyendo yonenepa ya mfundomfundo, otchedwa baluster. Ambiri mwa amenewa m'mphepete mwa phazi anapinda kulowetsa pansi kuti lisabenthuke. Pambuyo pake miyendo inayamba kuonda. Cha m'ma 1745 mpaka 1770 kunatchuka air twist: mmisiri ankabaya timaenje m'galasi lamoto, n'kuphimba ndi galasi lina kuti mpweya utsekeredwe, kenako n'kukoka akupota, timpweya tija n'kusanduka ulusi wonyezimira ngati siliva. Cha m'ma 1755 mpaka 1780 ndiye kunabwera ulusi woyera umene Nabanda ali nawo, opaque twist. Apa ankaimika timitengo ta galasi loyera mozungulira m'chikombole, n'kuthiramo galasi loonekera, kulitenthanso, ndipo anthu awiri ankalikoka akupota mpaka litatalika, n'kulidula m'zidutswa za mwendo umodziumodzi. Mukayang'ana pamene mwendo wakumana ndi phazi muona kuti ulusiwo wangothera mwadzidzidzi, podulidwa paja. Pomaliza, kuchokera cha m'ma 1760 mpaka kulowa m'ma 1800, kunabwera miyendo yogobedwa pa gudumu, ya mbalimbali zonyezimira.

Zaka zimenezi zimalowana, palibe amene anaimba belu kuti lero tasiya mtundu uwu. Koma pa zithunzi zimene ndaonazi, ine ndikanakhala wolemba kabuku ka okushoni ndikanalemba kuti ndi ka cha m'ma 1765. Ndikunena pa zithunzi. Mawu omaliza amanena munthu amene wakagwira m'manja.

Nabanda (Leeds): Mayo ine, 1765! Ndiye kuti kakwanitsa zaka 260 kosasweka. Manja anga akunjenjemera malume.

A Mwale (Lilongwe): Ine chikundidabwitsa ndi kuchepa kwa mutu. Anthu olemera ankamwera m'kanthu kakang'ono chonchi chifukwa chiyani? Galasi linali losowa?

A Chisale (Dudley): Kamwedwe kake kanali kena achimwene. Tambula siinkakhala patebulo yodzaza madzulo onse. Wantchito ankabwera nayo, munthu n'kumwera thanzi la mnzake kapena la mfumu kamodzi n'kamodzi, tambula n'kubwerera kukatsukidwa ndi kudzazidwanso. Ndiye mutu waukulu unalibe ntchito. Kunali ena ang'ono kuposa apa a zakumwa zotsekemera zaukali, ndi ena a mutu wautali wopyapyala a mowa waukali, amene nthawi zambiri anawazokota ngala za balere ndi masamba a hops. Kunalinso afupiafupi a phazi lochindikala, otchedwa firing glass, amene amuna m'magulu awo ankamenyetsa patebulo onse pamodzi akamaliza kumwa.

Nkhani ya mtengo wa galasi iliponso. Mu 1745 boma linaika msonkho pa galasi molingana ndi kulemera kwa zipangizo zake. Ambiri amati ndicho chifukwa matambula anapepuka ndipo phazi lopinda linayamba kusowa, ngakhale kuti fashoni inali itayamba kale kulowera komweko. Mu 1777 msonkho unakwera ndipo unakhudzanso galasi loyera la ulusi lija, patangopita zaka zochepa ulusi woyera unatha. Ku Ireland msonkhowu kunalibe mpaka 1825, n'chifukwa chake mafakitale ngati wa Waterford uja anadzuka kumeneko ndi magalasi ochindikala ogobagoba. Msonkho wonsewo unathetsedwa mu 1845.

Naphiri (Luton): Pepani ndilowererepo ngati namwino, poti mwatchula mtovu. Kumwera wayini m'tambula yotere pa kanthawi kochepa si vuto lalikulu, koma musasungire chakumwa m'botolo la crystal (galasi la mtovu) masiku ambiri, kaya ndi wayini, kachasu wachizungu kapena juwisi. Zakumwa zowawasa zimasungunula mtovu pang'onopang'ono. Ana ndi amayi oyembekezera asamwere m'menemo n'komwe. A Waterford ajanso achemwali, ngati ndi akalekale, muli mtovu.

Nabanda (Leeds): Zikomo anamwino, ana anga sakhudza.

Mphatso (Manchester): Ine ndikadali ndi nkhawa ya zabodza malume. Ndinamva kuti matambula a ulusi anakoperedwa kwambiri. Ndili ndi tochi ya UV imene ndinagula pa intaneti, singathandize?

A Chisale (Dudley): Anakoperedwadi, ndipo m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la nthawi yomweyo, a ku Holland ndi maiko oyandikana nawo. Amenewo si abodza, ndi akale ndithu, koma ambiri ndi a galasi la soda lopanda mtovu. Amapepuka m'manja, ukagogoda amangoti thi osapitiriza kulira, ulusi wake umakhala wotumbuluka, ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi a kuno. Gulu lachiwiri ndi la kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi m'ma 1920 ndi 1930, pamene anthu olemera anayamba kulimbirana matambula akale. Ena anapanga mwachilungamo ngati zokongoletsera, ena anapanga kuti anamize. Amenewa galasi lake limayera mopitirira, phazi limakhala lopyapyala ndi lathyathyathya, ndipo mutu umakula kuposa phazi.

Chimene ine ndimadalira kwambiri ndi kuperepeseka kwa m'mphepete mwa phazi, pamene pamagunda tebulo. Tambula imene yakhala ikukhwekhwerezedwa zaka 200 ndi kupitirira imakhala ndi kamkombero kotuwa, ndipo ukayang'ana ndi galasi lokulitsa uona timizere tosawerengeka tolowera mbali zonse, tina takuya tina tosaya. Wachinyengo amakhuta phazi pa sandipepa kapena pa simenti, ndiye timizere take timalowera mbali imodzi ndipo timafanana kuya. Amaiwalanso kuti phazi la pamanja siligunda tebulo paliponse mofanana.

Tochi yako imathandiza pang'ono. Mu mdima, galasi la soda limene munathiridwa manganese limaonetsa kuwala kofooka kwa chikasu chobiriwira. La mtovu siliyankha kwenikweni ku tochi wamba ya UV, limafuna nyale ina ya UV yotchedwa shortwave imene limaonetsa mtundu wabuluu. Koma tochi imangokuuza zimene zili m'galasi. Wokopera wa mu 1925 nayenso ankatha kugwiritsa ntchito mtovu.

Nabanda (Leeds): Ndayang'ana ndi kamera ya foni nditakulitsa. Kamkombero kotuwa kalipo, mbali ina n'kokulirapo, ndipo timizere tapita uku ndi uku. Koma ndapezanso kuti m'mphepete mwa phazi pabenthuka pang'ono, pochepa kuposa njere ya mpunga. Mnzanga uja akuti pali munthu amene amapala magalasi, angasalaze osaonekanso.

A Chisale (Dudley): Ayi mayi, musalole. Pobenthuka pang'ono paphazi pamatsitsa mtengo, inde, koma wogula wodziwa amakhululuka chifukwa akuona chimene chilipo. Mukapala, kamkombero kaja kamachoka mbali imeneyo, phazi limachepa, ndipo umboni wa zaka umene mwangoupeza kumenewu umawonongeka. Wogula akaona kuti papalidwa amayamba kukayikira tambula yonse. Chimene chimaphadi mtengo ndi mng'alu, kapena kukamwa kopalidwa, kapena tambula yolumikiza zidutswa za matambula awiri ndi guluu. Yendetsani chala pang'onopang'ono m'mphepete mwa kukamwa. Ngati pali pobulungira bwino ndiye kuti ndi momwe panachokera pamoto. Pakakhala pathyathyathya kapena pakuthwa, wina anapalapo.

Potsuka, yalani thaulo m'beseni lapulasitiki, madzi ofunda pang'ono, sopo pang'ono. M'makina otsukira mbale musaikemo, galasi limachita chifunga chosachoka. Popukuta musagwire phazi ndi dzanja lina uku mukupotoza mutu ndi linalo, miyendo yambiri imathyoka motero.

A Mwale (Lilongwe): Chabwino, koma tafikani pa ndalama a Chisale. Tonse tikudikira pamenepo. Zaka 260, ndiye kuti achemwaliwa amanga nyumba ku Area 49?

A Chisale (Dudley): Nyumba ayi achimwene, ndipo ndinene mosabisa kuti Nabanda asakhumudwe pambuyo. Matambula a ulusi woyera anapangidwa ambiri ndipo ambiri anapulumuka. Yopanda zozokota, ya mutu wamba, yabwinobwino, pa okushoni imathera pa mapaundi zana limodzi kapena mazana ochepa, ndipo kubenthuka kuja kuchotsako. Mushopu ya wamalonda muiona pa mtengo wokwererapo chifukwa iye amaikapo phindu lake ndi chitsimikizo chake. Komabe kamodzi kameneka kangathe kufanana kapena kuposa a Waterford onse 6, ndipo mosakayika kaposa ndalama imene munalipira katoni yonse.

Ukale paokha sukweza mtengo. Chimakweza ndi kusowa. Ulusiwo ukanakhala wa mitundu, wofiira, wabuluu, wobiriwira, makamaka wachikasu, bwenzi tikunena za masauzande. Baluster yolemera yoyambirira ija, ya mfundo yosowa, nayonso ndi masauzande. Ndiye pali ntchito ya banja la a Beilby ku Newcastle upon Tyne. William Beilby ndi mlongo wake Mary ankajambula pa matambula ndi utoto wa galasi wowotcha m'ma 1760 ndi 1770: mphesa, mbalame, mabwinja, zizindikiro za mabanja achifumu. Chikho chimodzi cha William Beilby chokhala ndi chizindikiro cha Prince William V wa ku Orange chinagulidwa pa mtengo wopitirira mapaundi 100,000 ku nyumba ya okushoni ya Bonhams mu 2011. Mwendo wa matambula ambiri a Beilby ndi ulusi woyera womwewu. Kusiyana kuli pa dzanja limene linajambula.

Bambo a Yamikani (Joni): Ndiye kuti tambula ikakhala ndi zozokota ndiyo yodula? Kuno ndinaonapo ina ya duwa la rozi, wogulitsa amati ndi ya ku Scotland ya nthawi ya nkhondo.

A Chisale (Dudley): Pamenepo ndiye pofunika kusamala koposa bambo. Wogulitsayo amanena za ma Jacobite, anthu amene ankafuna kuti banja la Stuart libwerere pampando James II atachotsedwa mu 1688. Anaukira komaliza mu 1745 motsogozedwa ndi Charles Edward Stuart, n'kugonja ku Culloden mu 1746. Kumwera thanzi la mfumu yothawayo unali mlandu, ndiye ankazokota zizindikiro pa matambula: duwa la rozi ndi timaluwa tiwiri tosamasula, tsamba la mtengo wa oak, nyenyezi, ndi mawu achilatini oti Fiat. Osowa kwambiri ndi otchedwa Amen glass, olembedwa ndi nsonga ya dayamondi mavesi a nyimbo yopempherera mfumu yawo. Odziwika sakwana 40, ndipo imodzi ikatuluka imapita pa mapaundi masauzande makumi angapo.

Ndiye taganizani. Munthu ali ndi tambula yeniyeni ya 1750 yopanda chozokota, ya mtengo wochepa. Akaipereka kwa mmisiri kuti aikepo rozi, mtengo ukwera kangapo. Phazi ndi lenileni, chipsera chenicheni, kulira kwenikweni, bodza lili pa duwa pokha. Zimenezi zinachitikadi. Ku Dublin kunali mmisiri wochokera ku Bohemia, Franz Tieze, amene anafikako m'ma 1860, ndipo patapita zaka zambiri atamwalira zinadzadziwika kuti matambula angapo olemekeza Mfumu William III, amene nyumba zosungira zakale zinkawayesa a m'ma 1700, anazokota ndi iyeyo. Ngati akatswiri ananamizika, ife tisathamangire. Tambula ya rozi yopanda mbiri yolembedwa ya manja amene yadutsamo, ine ndimailipira ngati yopanda rozi.

Amene muli kufupi ndi London, pitani ku Victoria and Albert Museum, kulowa n'kwaulere ndipo kuli chipinda chonse cha magalasi. Kuno kwathu kuli Stourbridge Glass Museum imene inatsegulidwa mu 2022, moyang'anizana ndi ng'anjo yakale ya Red House Cone. Maso akazolowera zenizeni, chokopera chimayamba kukuonekera chokha.

Nangozo (Zomba): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilimbe mtima. Agogo anga aamuna anali khukhi kwa mzungu wina wa boma kuno ku Zomba, ndipo pochoka mu 1964 anawasiyira matambula. Akhala m'kabati ya pabalaza moyo wanga wonse, amatuluka pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe basi. Atsala 5. Awiri ndi ochindikala a maluwamaluwa, ndipo pali mzere woimirira kuchokera kukamwa mpaka pansi mbali zonse ziwiri. Ina ili ndi chisoti chachifumu ndi chaka cha 1953. Ina ndi yachikasu chobiriwira. Yomaliza ndi yopyapyala ya mwendo, yopanda chilichonse. Bambo Chisale, mungandiuzepo chiyani? Kugulitsa sindikufuna, ndikufuna kudziwa kuti ndiwauze ana.

A Chisale (Dudley): Mwachita bwino kufunsa mayi. Mzere woimirira uja ndi msoko wa chikombole. Amenewo sanauziridwe ndi pakamwa, galasi lamoto analithira m'chikombole chachitsulo n'kulipsinja. Njira imeneyi inayamba ku America m'ma 1820, n'kufika kuno m'ma 1830, ndipo msonkho uja utatha inachititsa kuti ngakhale anthu wamba akhale ndi matambula okongola. Mafakitale akuluakulu anali kumpoto chakum'mawa: Sowerby ndi Davidson ku Gateshead, Greener ku Sunderland. Mukayendetsa chala pa maluwawo mumva kuti ndi obulungira, pamene ogobedwa pa gudumu amakhala akuthwa. Yang'anani mkati chapansi, mwina mupeza kachizindikiro kotukuka. Mutu wa nkhanga ya chizungu ija yotchedwa peacock ndi wa Sowerby. Kadayamondi kokhala ndi zilembo ndi manambala m'ngodya zake kankagwiritsidwa ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883, ndipo kuyambira 1884 ankalemba Rd ndi nambala.

Ya 1953 yadzitchula yokha, ndi chikumbutso cha kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II. Zinapangidwa zambirimbiri ndipo zinafika kulikonse kumene kunali ulamuliro wa Britain. Yachikasu chobiriwira ija mwina muli uranium, amene ankathira pang'ono m'galasi kuti lipatse mtundu kuyambira m'ma 1830 mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri. Apa ndiye tochi ya Mphatso imagwira ntchito bwino, galasi lotere limayaka mobiriwira kwambiri mu mdima. Pa ndalama, onsewa ndi a mapaundi ochepa iliyonse, kupatula kuti achikasuwa masiku ano achinyamata akuwafuna.

Poti simukugulitsa, chimene ndingapemphe ndi ichi: lembani papepala dzina la agogo, nyumba imene ankagwirako ntchito, ndi chaka chimene analandira, muike m'kabati momwemo. Kuno katundu wambiri amafika pa okushoni wopanda mbiri chifukwa amene ankadziwa anamwalira osalemba, ndipo zimandipweteka nthawi zonse ndikamatsegula makatoni otero.

Nangozo (Zomba): Ndapeza bambo! Mkati mwa imodzi ya yochindikala muli Rd ndi manambala 6, yoyamba ndi 7, enawo afufutika pang'ono. Ndilemba papepala monga mwanenera, mayi anga akadali moyo ndipo akukumbuka nyumbayo.

A Chisale (Dudley): Manambala a m'ma 700,000 ndi a m'zaka za m'ma 1920 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1930. Chimenecho ndi chaka chimene kapangidweko kanalembetsedwa ku boma, tambulayo ingathe kukhala ya zaka zapambuyo pake pang'ono chifukwa chikombole chimodzi chinkagwira ntchito zaka zambiri. Mabuku a kalembera ameneyu amasungidwa ku National Archives ku Kew, ndiye mukawerenga nambala yonse tingapeze ndi dzina la fakitale. Ikani pepala lopyapyala pamwamba pa manambalawo mukhute ndi pensulo, nthawi zina amaoneka bwino kuposa ndi maso.

Nabanda (Leeds): Malume, nanga ine ndikafuna kugulitsa ndiyambire pati? Pali munthu wandilembera kale ku inbox kuti andipatse mapaundi 40 lero lomwe.

Naphiri (Luton): Achemwali musayankhe msanga. Munthu wothamangira ku inbox pamene nkhani ili pagulu ali ndi chifukwa chake.

A Chisale (Dudley): Naphiri wanena zoona. Nyumba zambiri za okushoni zimayesa mtengo kwaulere, mumangotumiza zithunzi kapena kupita nako pa tsiku limene amalandira anthu. Funsani ziwiri kapena zitatu, ndipo musankhe imene imakhala ndi malonda a magalasi ndi mbale zadothi paokha, osati yosakaniza ndi mipando ndi njinga. Mufunse kuti adula zingati pa zana lililonse, ngati pali ndalama ya chithunzi ndi inshuwalansi, ndipo mugwirizane mtengo wotsikitsitsa umene sangagulitse pansi pake. Dziwaninso kuti wogula amalipira ndalama ina pamwamba pa mtengo wa nyundo (umene malonda athera pa okushoni), ndiye mitengo imene mumaona pa intaneti nthawi zambiri ndi yokwera kuposa imene inafika m'thumba la mwini katundu. Poyerekeza, yang'anani mitengo imene matambula anagulitsidwadi, osati imene anthu akupempha pa eBay. Pobenthuka paja muwauze nokha asanapaone.

Ponyamula, kulungani mwendo kaye mpaka unenepe kufanana ndi mutu, kenako tambula yonse, muike m'katoni kolimba choimirira.

Mphatso (Manchester): Achemwali a Nabanda, Loweruka ndikubwera ku Leeds ku mwambo wa tchalitchi, ndingatenge tochi ndi galasi lokulitsa tikaonere limodzi musanapite nako.

A Chisale (Dudley): Chitani zimenezo ana anga, mudzatiuze zimene mwaona. Mayi Nangozo, yopyapyala ya mwendo ija sindinainenepo kanthu chifukwa chithunzi chake chachita mdima. Muitembenuze, muiike pa nsalu yakuda panja pamthunzi, mujambule pansi pa phazi chapafupi. Ndikufuna ndione ngati pali kadzenje kosalala pakati, kapena kachizindikiro kooneka ngati chilembo T, kapena dzina lotuwa la fakitale ya Stuart kapena ya Webb, poti a kuno ku Stourbridge ankatumiza matambula ambiri kunja m'zaka zimenezo.